Swichi Yofiira ya kwa Che Jafali

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, ndipo sikuti anandifunsa ngati ndikuifuna. Matope atakokolola nyumba yathu ku Chilobwe ndinakakhala kwawo ku Ndirande. Ndinkagona pabalaza, kuyala mphasa onse akalowa kuchipinda, kuipinda asanadzuke. Patatha miyezi isanu anangoti, "Esinati, mawa ulawire. Che Jafali akufuna munthu wosayendayenda."

Che Jafali anali bambo wachikulire, mwini kashopu kuseri kwa msika kopanga zikuto za pulasitiki za Mabaibulo, mabuku a nyimbo ndi timabuku ta kuchipatala. Antchito tinalipo anayi. Anzanga ankadula ndi kulongedza pakhonde, ine anandiika m'kachipinda ka makina. Kanalibe zenera, ndipo chitseko chinkakhala chotseka, chifukwa fumbi likalowa pakati pa mapulasitiki chikuto chimatuluka ndi zipsera.

Makinawo anabadwa kale ine ndisanabadwe. Umaika mapulasitiki awiri pansi pa chikombole chamkuwa n'kuponda chopondera, magetsi amphamvu n'kuwasungunula m'mphepete mpaka amatane. Kumbuyo kwake kuli mavalavu awiri agalasi, aakulu ngati mabotolo a zakumwa, amene amawongola magetsiwo. M'kati mwa valavu muli kachitsulo kopindapinda kopakidwa zoyera ngati laimu, dzina lake kathodi. Kakatentha bwino ndiko kamatulutsa magetsi, valavu n'kumawala buluu. Koma magetsi aakulu akakapeza kozizira, zoyera zija zimasupuka, ndipo valavu yoti ikanakhala zaka imatha tsiku limodzi.

N'chifukwa chake pali maswichi awiri. Yobiriwira imatenthetsa kathodi ndi kuyendetsa fani. Yofiira imatsegula magetsi aakulu, ndipo siyatsidwa mpaka yobiriwira itakhala yoyaka mphindi khumi ndi zisanu. Tsiku loyamba Che Jafali anagwira chala changa n'kuchiika pa yofiirayo.

"Magetsi akangothima, usafune tochi, usafune foni, uzimitse iyi kaye. Mavalavu awa sagulitsanso kulikonse. Akafa, tonse tikagulitsa tomato."

Choncho ntchito yanga yeniyeni sinali kuponda ayi, inali kulondera. Kuchimbudzi ndinkapita yofiira nditazimitsa, chakudya ndinkadyera pampando womwewo. Kunja kukhale dzuwa kapena mitambo, ine ndinkamva kwa anthu. Ntchitoyo ndinkadana nayo, kunena zoona, koma ndikaganiza zobwerera kukangokhala pabalaza pa azakhali, ndinkapondanso chopondera.

Tsiku lovuta linali Lachisanu m'nyengo ya mvula. Che Jafali anali atapita kumzikiti masana, ine ndili pakati pa zikuto za kwaya ina yomwe inkazifuna Lamlungu. Mvula inayamba mwamphamvu, malata kuchita kugonthetsa m'khutu. Kenako magetsi thii. Mdima unali bii, madzi akulindima m'ngalande kuseri kwa khoma, ndipo phokoso lake linali lomwe lija ndinalimva ku Chilobwe phiri lisanatsike. Sindikumbuka kuti ndinaimirira. Ndinangopezeka ndili pakhonde, ndagwira mzati.

Mtima utakhala pansi pang'ono ndinakumbukira swichi. Ndinayang'ana chitseko, koma kulowanso mumdima uja kunandikanika. AnaBanda, mayi amene ankadula mapulasitiki, anaona kuti ndikuvutika.

"Khalani pansi, achemwali, mwatuwa. Zisiyeni zoyatsa, fani itiuza akabwera."

Sanalakwe mwadala. Ndi mmene timachitira tonse kuno: magetsi akathima timasiya babu ndi wailesi zoyatsa kuti tidziwe akabwera. Ine ndinkadziwa bwino kuti makina aja si wailesi, koma ndinakhala pansi, poti mawu awowo ndi amene ndinkafuna kumva. Panadutsa pafupifupi theka la ola, mavalavu n'kuzizira.

Tisanamve ndi fani yomwe, kumsika kunabuka mfuu ya masiku onse, "Abwera!" Nthawi yomweyo m'kachipinda munamveka phaa, ndipo pansi pa chitseko panang'anima kuwala koyera. Ndinathamangira m'kati n'kuzimitsa yofiira, koma ndinazimitsa zitachitika kale. Munali fungo la fyuzi yopsa.

Che Jafali atabwera sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anazimitsa zonse, n'kukhudzitsa waya wa ndodo yamtengo pa zitsulo kuti magetsi otsalira atuluke, kenako anazula valavu ya kumanzere n'kuikweza pa babu. Pansi pa galasi panali tizidutswa toyera ngati gaga.

"Waona? Moyo wake ndi umenewu wagwawu."

Ndinawauza zonse, za mdima ndi za madzi. Za anaBanda sindinatchule. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anatsegula kabati n'kutulutsa chitini cha mabisiketi. M'kati munali valavu imodzi yokha, yokulungidwa m'chitenje chakale. Anaiika, n'kuyatsa yobiriwira, ndipo tinadikira theka la ola, poti valavu yomwe yakhala yogoneka imafuna nthawi yaitali. Anzanga atatu anaima pakhomo, aliyense akuganiza za kwake. Atayatsa yofiira, buluu uja anabwera pang'onopang'ono m'mavalavu onse awiri, anaBanda n'kupukuta m'maso ndi nsalu.

Ndinkayembekezera kuuzidwa kuti ndizipita, ndipo ndisabise, mbali ina ya mtima wanga inkafuna zimenezo. Koma iwo anandipatsa chitini chopanda kanthu chija m'manja.

"Wina watsopano adzaphunzira pa valavu iti? Iwe waphunzira kale. Khala pansi, a kwaya akudikira."

Mawa lake anamangirira tochi ku mwendo wa makina ndi chingwe. Zenera sanaboole.

Pano ndimachita lendi kachipinda kanga ku Ndirande komweko. Magetsi akathima ndimazimitsa chilichonse m'nyumba, ndipo anansi akamakuwa kuti abwera, ine ndimadikira kaye, mpaka amandiseka. Chimene ndinatola tsiku lija n'chakuti mantha sindingawaletse kubwera, koma dzanja liyenera kufika pa swichi miyendo isanafike pakhomo. Chitini chija chili pansi pa mpando wanga, ndimasungiramo singano ndi ulusi. Valavu yomaliza ikuyakabe, ndipo ine ndikadali pampando womwewo. Mvula ikayamba kugunda malata, chala changa chimakhala chili kale pa yofiira.