Ambulera Imene Inali Mfuti ya Amalume

Amayi anali ndi ambulera yakuda, yaitali, ya chogwirira chopindika, imene ankaikoleka kuseri kwa chitseko m'nyumba yathu ya m'mwamba ku Hurlingham, ku Kenya. Ambulera imeneyo ndi imene inasanduka mfuti m'nyumba mwathu nyengo ya mvula ya chaka chimene ndinali mu Sitandade 5. Mpaka lero munthu akamandipatsa ambulera ndimayamba ndayang'ana kumene nsonga yake yaloza, ndipo ana anga amandiseka. Asiyeni aseke.

Amalume, mchimwene wawo wa amayi, anabwera pa basi kuchokera ku Kasungu atanyamula kathumba ka mtedza ndi jekete limodzi. Akazi awo anali atamwalira, ndipo ana awiri anawasiya kwa achibale. Amayi ankagwira ntchito mu ofesi ya mpingo, ndiye kudzera mwa anzawo a kutchalitchi anamva za famu ina ya kutali ndi tauni, kumene alendo olemera ankapita kukawombera nkhanga ndi nkhwali. Masiku amenewo ku Kenya kusaka nyama kunali koletsedwa, koma mbalame ankaloleza. Famuyo inkafuna munthu wodziwa tchire woti aziperekeza alendowo. Koma mwini wake ananenetsa kuti popanda setifiketi ya kasamalidwe ka mfuti, ntchito palibe. Masiku amene amalume analoledwa kukhala m'dzikomo anali pafupi kutha. Akanalephera, kunali kukwera basi yomwe ija kubwerera kwa ana aja chimanjamanja.

"Kundiphunzitsa mfuti ine?" Anatero amalume uku akuseka mpaka kutsokomola. Iwo anayamba kusaka ndevu zisanamere, ndipo nguluwe zoononga minda kwathu zinkawadziwa. Anawaphunzitsa ndi bambo awo, agogo anga amene sindinawaonepo. Za agogowo kunyumba ankangonena zochepa: anafa ndi mfuti yawo yomwe ku uzimba, anachita kulodzedwa. Msuweni wawo wina amene anali nawo pafupi tsiku limenelo, banja lathu linkamuganizira kuti ndiye anawalodza, ndipo silinkamupatsanso moni, ngakhale pamaliro.

Maphunzirowo anali a mbali ziwiri. Yoyamba inali ya pa intaneti, imene nthawi imeneyo inali yachilendo. Tinkapita atatu pa kashopu ka makompyuta mu msewu wa Argwings Kodhek, momwe munkanunkha nsapato zonyowa ndi mafuta a tchipisi ochokera khomo loyandikana. Chithunzi chinkatuluka pang'onopang'ono kuyambira pamwamba, chipewa kaye, kenako nkhope, mfuti n'kudzaoneka munthu utayasamula kale. Amayi ankawerenga Chingelezi n'kumamasulira, amalume n'kumayankha asanamalize. Kuoloka mpanda uli ndi mfuti, kuyenda pamzere ndi anzako, kusawombera chinthu chimene sunachione bwino, zonsezo anakhoza. Ndikukumbuka chithunzi chimodzi cha amuna awiri akupatsana mfuti. Amalume anangokupiza dzanja. "Pitirirani, achemwali. Kupereka chinthu kwa munthu ndinaphunzira ndili wamaliseche." Amayi anapitiriradi.

Mbali yachiwiri inali yoonekera pamaso pa aphunzitsi, pabwalo lina loombera kupitirira Utawala. Amene amadziwa Utawala wa lero wa nyumba zosanjikizana sangakhulupirire, koma kunali udzu wokhawokha ndi dothi lakuda lomata, loti nsapato imatsala m'mbuyo phazi n'kupita lokha. Ine ndi amayi tinaima kuseri kwa waya pansi pa ambulera ija. Aphunzitsiwo anali bambo wa ku Kenya komweko, wa imvi mutu wonse, wamkulu kuposa amalume, wolankhula motsitsa ngati ali m'chipatala.

Makina ankaponya timbale tadothi m'mwamba, amalume n'kumatiphwanya. Fungo la wonga linkafika mpaka pamene tinaima. Ine ndinkadumpha, mtima uli mbee, ndikuona kuti ntchito yapezeka basi. Kenako aphunzitsi anatambasula dzanja kuti alandire mfuti.

Kwathu mwana amaphunzitsidwa kuti mpeni, nkhwangwa kapena chikwanje, popereka kwa munthu umatsogoza mpini. Kukuthwa kumayang'ana iwe woperekawe. Ndi ulemu, ndipo ndi ulemu wabwino, ine ana anga ndinawaphunzitsa womwewo. Amalume anaitembenuza mfuti ija bwinobwino, anaigwira ndi manja awiri, ananyonyomala pang'ono, n'kupereka thako la mfuti kwa aphunzitsi. Kukamwa kwake kunatsamira pamimba pa amalume eni ake.

Aphunzitsi sanakuwe. Anangoti, "Tulia, mzee," kuwauza kuti asagwedezeke, n'kukankhira mpope wa mfutiyo kumbali pang'onopang'ono ndi zala ziwiri. Ataitsegula poithyola pakati, anatulutsamo chipolopolo chimodzi chofiira chimene chinali chisanawombedwe, n'kuchiika m'dzanja la amalume. Ambulera imene amayi anagwira inapendekeka, madzi ake n'kumandidonthera m'khosi.

Anawalepheretsa, koma anawapatsa mwayi umodzi wokha wodzayesanso Loweruka linalo. Mu minibasi, imene kumeneko amati matatu, pobwerera amalume ankangodandaula. "Ndiye ndikanatani? Ndikanamuloza munthu wamkulu ngati ameneyo?" Aphunzitsi anali atawauza kuti mfuti si mpeni, ilibe mbali yoti ingayang'ane munthu, ngakhale mwini wake yemwe.

Mlungu umenewo sukulu inali yotseka, ndipo ambulera inatsika pa msomali. Lamulo linali lakuti amalume aitsegule kaye pang'ono ngati akuthyola mfuti, nsonga iloze pansi chakumbali kumene kulibe munthu, anene kuti "mulibe kanthu," ndipo asaisiye mpaka wolandirayo atanena kuti "ndagwira." Wolandirayo ndinali ine. Panalinso lamulo lina lowawa kuposa pamenepo: munthu akakupatsa mfuti yotseka, ukane, kaya ndi wamkulu bwanji. Tangoganizani, Mchewa wa zaka zoposa makumi anayi kukana chinthu chimene wamkulu akumupatsa ndi manja awiri.

Mutu wawo unamva tsiku loyamba lomwe, koma manja ndiwo anali ndi mwano. Ankayamba bwino, kenako ndikangotambasula dzanja, ambulera inkatembenuka yokha, nsonga n'kukagunda batani la shati yawo. Ine ndiye kunali kukondwa. "Mwafa, amalume! Mwafanso!" Ndinkakuwa choncho uku ndikugubuduka pamkeka ndi phwete. Kamwa langali linayamba kale kundipweteketsa. Tsiku lina amayi anatuluka kukhitchini manja ali thovu lokhalokha n'kundiuza kuti, "Iwe, mawu amenewo ndisawamvenso m'nyumba muno." Sanandimenye, koma ndikanakonda akanandimenya kusiyana ndi mmene anandiyang'anira. Amalume anandiikira kumbuyo. "Musiyeni mwana, akunena zoona." Anatola ambulera n'kuyambiranso, thukuta lili pamphumi ngakhale kunja kunkazizira.

Ndikaganiza lero ndimawamvera chisoni kwambiri. Munthu woti kwawo ankamuimbira nyimbo akabwera ndi nguluwe, anali ataima pakati pa mipando ya mlongo wake, m'dziko la eni, akuphunzitsidwa ndi kamtsikana ka makani. Sanandikalipirepo ngakhale kamodzi.

Loweruka lija mvula inali itakata. Timbale anaphwanyanso monga kale. Popereka mfuti ndinaona manja awo akuyamba kuitembenuza, kenako anaima, anaithyola, analozetsa pansi chakumbali. Aphunzitsi anailandira, anaitseka, anayenda pang'ono ngati zatha. Kenako anabwerera akumwetulira n'kuwapatsa mfuti yomweyo ili chitsekere, ndi manja awiri, mutu wa imvi uja utawerama. Manja a amalume ananyamuka okha mpaka kufika pafupi. Amayi anandifinya phewa mpaka zikhadabo kulowa. Amalume anabweza manjawo n'kuwabisa kumbuyo, maso ali pansi chifukwa cha manyazi. "Tsegulani kaye, bwana."

Aphunzitsi anaseka koyamba chiwadziwireni, n'kuwagwira chanza nthawi yaitali.

Ine ndinkadziwa kuti munthu akakhoza mayeso kumakhala Fanta ndi tchipisi, ndipo amayi anali atalonjeza. Koma titafika kunyumba amalume anangoika setifiketi ija patebulo n'kukhala pampando wa pafupi ndi zenera, jekete osavula. Mvula inali itayambiranso. Patapita nthawi anafunsa osatembenuka.

"Achemwali, inu munali wamng'ono, koma mukukumbuka mmene bambo ankaperekera mfuti yawo ya gogodela ija kwa munthu?"

"Mmene munaperekera inu tsiku loyamba lija, achimwene."

"Eya. Anandiphunzitsa ndi iwowo." Kenako anati, "Ndiye sanalodzedwe."

Amayi anakhala pansi penipeni, pasimenti, n'kuphimba kumaso ndi chitenje.

Zina zonse ndinadzazilumikiza nditakula: kuti ku uzimba kuja agogo ankapereka mfuti yodzaza wonga kwa msuweni wawo wamkulu, mwaulemu, thako patsogolo, kuti msuweniyo anangolandira monga mmene aliyense akanalandirira, kuti amalume atalandira malipiro oyamba kufamu kuja anatumiza bulangete kwa msuweni uja, nkhalamba imene anakhala zaka zonsezo osaipatsa moni. Koma tsiku limenelo ine ndinkangoona anthu awiri akuluakulu akuononga chikondwerero changa. Ndinatenga ambulera kuseri kwa chitseko, ndinaitsegula pang'ono, ndinalozetsa pansi monga mwa lamulo, n'kupita nayo kwa amalume kuti mwina tiseweranso aseke.

"Mulibe kanthu," ndinatero.

Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaigwira ndi manja awiri, misozi ikutsikira m'ndevu. Ine ndinakana kuisiya, chifukwa anali asananene kuti "ndagwira," ndipo ndinkadabwa kuti munthu woti wangokhoza kumene mayeso waiwala bwanji msanga chonchi.