Majampa a apongozi anga

M'buti ya galimoto yanga muli katundu wa eni. Ndi majampa, zingwe ziwiri zija zolizira galimoto batire ikatha moto, china chofiira china chakuda. Eni ake ndi apongozi anga, ndipo sabata yonseyi ndakhala ndikuyenda nawo m'tauni ya Chipata modzimva ngati ndanyamula mendulo.

Tamverani mmene anafikira m'manja mwanga.

Lamlungu lapitali ndinapita ndi mwana wanga Tikambenji ku Madzimoyo kuti akatsanzike ambuya ake. Tika wapeza malo kusukulu ya unamwino ku Lusaka. Amayenera kukwera basi ya masana tsiku lomwelo kuti akalembetse Lolemba m'mawa, ndipo katundu wake yense tinamusiya kunyumba ku Nabvutika.

Ndili pa chiwongolero, mtima sunali m'malo. Amake Tika anamwalira mwanayu ali ku pulayimale. Akuchikazi anandisudzula bwinobwino monga mwa mwambo, n'kunena kuti ndine mfulu. Kuchokera apo, chondipititsa ku Madzimoyo chinali Tika yekha. Tsono iye akapita ku Lusaka, mkamwini wosudzulidwa akafuna chiyani pakhomo la eni? Ndinkaona ngati uwu ndiwo ulendo wanga womaliza, ndipo zinkandipweteka.

Muwadziwenso apongozi angawo, aNajere. Amuna awo atamwalira anasiya kavaneti kakale konyamulira tomato ndi mtedza. Achibale anati kagulitsidwe, poti pakhomo palibenso woyendetsa. Mayiwo anangomanga chitenje, n'kukaphunzira kuyendetsa imvi zili mbuu. Lero mukakumana ndi kavaneti koyera kakuyenda pakati penipeni pa msewu wafumbi, mungopatuka. Ndi iwowo.

Koma pa mwambo sasunthika. Chikwatirire pakhomopo, ine ndi iwo sitinalankhulanepo maso ndi maso. Ndimakhala pansi pa mtengo wa mango, iwo pakhonde atayang'ana kumbali, mawu n'kumayenda kudzera mwa mwana.

"Tika, uwafunse atate ako ngati adzuka bwino."

"Uwauze ambuya kuti tadzuka, kaya iwo."

Chonsecho tikumvana bwinobwino tonse awiri!

Tsiku limenelo, akuluakulu tikucheza, asuweni a Tika anatsekula zitseko zonse za galimoto n'kuyatsa wailesi kuti avine kotsanzikana. Ena anasomekamo mafoni. Batire yanga ndi yokalamba kale. Nthawi yonyamuka itakwana, ndinapotoza kiyi. Inangoti the, the, the, kenako zii.

Anyamata anathamangira kumbuyo kuti akankhe. Ndinawauza kuti asataye thukuta, iyi ndi otomatiki. Mungaikankhe mpaka ku Katete, siingalire.

Tika anayang'ana dzuwa, n'kundiyang'ana ine, misozi ili lengelenge.

Pamenepo tinamva kavaneti kakulira kuseri kwa nkhokwe. Apongozi anakabweretsa pang'onopang'ono mpaka mphuno yake inayang'anizana ndi ya galimoto yanga. Anatsika, kutsekula boneti, kutulutsa majampa pansi pa mpando.

Apa ndiye panali nkhani. Majampa ndi aafupi. Amafuna kuti magalimoto ayandikane, anthunso ayandikane. Kodi mkamwini ndi apongozi angaweramire pa injini imodzi, mitu n'kumagundana?

Mayiwo anapeza njira yawo. Anamanga mbali yawo yonse pa batire ya kavaneti, kenako mbali inayo anaitula pansi, chofiira uku chakuda uko, n'kubwerera m'mbuyo atatembenuka. Amakaniko adzakuuzani kuti umu si mmene zimayendera, ndipo akunena zoona. Umayamba ndi chofiira pa batire yakufa, n'kupita nacho ku yamoyo. Chakuda chimayambira ku yamoyo n'kukathera pa chitsulo cha injini yozimayo. Koma amakaniko sakhala ndi apongozi pa galaja.

"Tika, uwauze atate ako atenge."

Ndinanyonyomala, maso pansi, n'kutola chofiira dzanja ili, chakuda dzanja linali. Ndiye inu amene munaleredwa kuno kum'mawa, ndiyankheni. Wamkulu akakupatsa chinthu, manja amatani? Amadikira kuti uwauze? Anga anayamba okha kupita kukawomba, zitsulo zamoto zili m'manja.

"Atate a Tika! Manja! Musagundanitse!"

Ndinauma ngati chitsa. Zitsulozo zinali zitatsala pang'ono kupsopsonana. Zikanagundana bwenzi moto utathetheka, mwina batire ya kavaneti kuwonongeka, mwina zala zanga kupsa, basi ya Tika n'kupita. Koma chimene chinandiumitsa si chimenecho. Apongozi anali atandiyang'ana m'maso, akulankhula ndi ine mwini, koyamba chibadwire.

Asuweni aja anagwira pakamwa.

Mayiwo anakonza duku lawo, kutembenukiranso kumbali, n'kunena mofatsa ngati palibe chachitika:

"Tika, uwauze atate ako kuti kuthokoza adzathokoza motoka ikalira."

Ndinamanga chofiira pa chizindikiro cha mtanda, chakuda pa chitsulo. Iwo anaponda mafuta pang'ono, tinadikira kanthawi, ndiyeno ndinapotoza kiyi. Injini inatsokomola kamodzi, n'kulira. Nthungululu zinamveka ngati pabadwa mwana.

Ndikunena mosabisa, ndinanyadira. Ndinanyadira mayi amene anakana kuti chiwongolero ndi cha amuna okha. Ndinanyadiranso mwambo wathuwu, umene anthu ophunzira amakonda kuunyoza pa mawailesi. Amati umatimanga manja, umatibweza m'mbuyo. Ine ndauona ndi maso anga ukupatuka kuti munthu asapse, n'kubwereranso pamalo pake osachita manyazi. Mayiwo anausunga zaka zonsezi chifukwa chondilemekeza, ndipo anauphwanya tsiku limodzi pa chifukwa chomwecho.

Tsono yerekezani ndi zimene zikuchitika m'tauni muno. Kale galimoto ikazima pa msika, anthu ankatuluka m'mashopu kudzakankha osafunsa dzina lako. Lero magalimoto athu ndi osakankhika, ndipo mitima nayo yayamba kutengera. Kaime ndi boneti yotsekula pa Great East Road, uimitse anthu. Mmodzi adzatsitsa galasi pang'ono n'kunena kuti, "Pepani bwana, kompyuta ya motoka yanga siifuna majampa." Wina adzayang'ana foni ngati yalira. Munthu amene mumapemphera naye tchalitchi chimodzi!

Mnzanga wina wa ku ofesi, atamva nkhani yangayi, anandionetsa kabokosi kamene anagula. N'kakang'ono ngati njerwa, umakatchaja kunyumba, batire ikafa umangosomeka n'kuliza wekha.

"Gulani aka, mdala," anatero. "Simudzapemphanso munthu."

Kabokosiko n'kabwino, sindikutsutsa. Amene mumayenda maulendo a kutali kopanda midzi, gulani ndithu, ndipo muzikumbukira kukatchaja. Chandivuta ine ndi mawu otsatsirawo. Kusapempha munthu kwasanduka chinthu chonyadira kuyambira liti? Ndikanakhala nako Lamlungu lija, bwenzi nditaliza galimoto mwakachetechete, kutsanzika kudzera mwa mwana, n'kuchoka pakhomo paja osadziwa kuti ndimawerengedwa.

Pajatu nkhani sinathere pa kulira kwa injini. Nditamasula majampa, ndinawapinda bwino n'kuwatula pansi pafupi ndi kavaneti. Manja tsopano anali opanda kanthu, ndiye ndinawomba mokwanira. Apongozi sanawatole.

"Tika, uwauze atate ako apite nawo. Batire yawo yatopa, akakazimitsa pa siteshoni idzawachititsa manyazi."

"Uwauze ambuya kuti ndidzatumiza ndi minibasi mawa."

"Uwauze kuti katundu wanga sakwera minibasi. Abwere nawo okha. Ndipo asabwere m'mawa ngati wothawa ngongole ya moni, abwere nthawi ya chakudya."

Tika anafotokoza mawuwo akuseka, misozi ikutsika. Iye anamva zimene ndinamva ine. Akale anati chibale n'fupa, sichiwola. Ine ndinkayesa mwambiwu ndi wa obadwa mimba imodzi okha.

Basi tinaipeza ikulongedza katundu womaliza. Tika anafika bwino, analembetsa, ndipo wanditumizira kale chithunzi atavala yunifolomu yomukulira pamapewa. Batire yatsopano ndagula Lachiwiri, moti majampawa sindikuwafunanso. Loweruka likubwerali ndikukabweza.

Chimodzi chokha chikundisowetsa tulo. Wonyamula mawu ali ku Lusaka. Ndikakafika ku Madzimoyo, ine pansi pa mango, iwo pakhonde, moni akadzera mwa yani?

Ndinamufunsa Tika pa foni. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Adadi, musavutike. Ambuya andiimbira kale. Akuti mpando wanu auchotsa pa mango paja, auika pakhonde."