Nkhono Zamapiko za Agogo Anga

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, m'mphuno mwanga mumadzaza fungo la fodya wopachikidwa m'chigafa kwathu kufupi ndi Madisi, m'mene ankakhala pachitsa akusoka masamba uku pakamwa posapuma.

Ali mnyamata anaphikako m'sitima ya asodzi ku Kepitauni, ndipo kumeneko anabwerako ndi nkhani ya nkhono zosambira. Ankati n'zazing'ono ngati njere ya chimanga, chigoba chake choonekera mkati, ndipo phazi lokwawira lija linagawika pawiri n'kukhala timapiko. Masana zimamira, kukada zimakwera kudzadya. Zina zilibe chigoba n'komwe, ntchito yake n'kusaka zinzakezo.

Mudzi wonse unkawatenga ngati wabodza, makamaka mnzawo aMbewe. "Nkhono yokupiza mapiko? Achimwene, munkamwa chiyani m'sitimamo?" Agogo ankaseka nawo, koma zinkawapweteka.

Lamlungu lina pochokera ku Misa anatopa nazo. Anatola chinkhono chachikulu kudimba, natunga madzi m'beseni, n'kukhuthuliramo mchere wonse wa agogo aakazi. Anthu anaunjikana.

"Iyi ikungosowa nyanja basi," anatero. "Nyanjatu ndi mchere."

Nkhono ija inangochita thovu n'kukhwinyata, osakupiza kanthu. AMbewe anaseka mpaka kukhala pansi. Agogo aakazi anatulukira m'khitchini manja ali m'chiuno. "Lero ndiwo muthiramo mapikowo!" Tinadya nkhwani wopanda mchere tikutsamwa ndi phwete.

Zaka zitapita, ndili kusukulu ya aphunzitsi, ndinapeza vidiyo pafoni: kankhono kowala ngati galasi kakupalasa madzi ndi timapiko tiwiri. Ndinakwera minibasi sabata yomweyo kupita kumudzi.

Agogo anaiyandikiza foniyo kumaso, nandiuza kuti ndibwerezenso, kenako ndibwerezenso. Anadzuka n'kuyamba kuvina pabwalo, ndodo atataya, mikono akukupiza, nkhuku zikuthawa. Atatopa anandigwira paphewa n'kunong'ona: "Mdzukulu wanga, inenso ndinali nditayamba kukayika ngati ndinazionadi."

Anavala chipewa, nandikoka dzanja ulendo wa kwa aMbewe, m'njira monse akuitana aliyense amene anali pakhonde kuti atitsatire.

Panyanja yamchere sindinafikebe. Koma m'kalasi mwanga mwana akanena chinthu chachilendo anzake n'kuyamba kumuseka, ndimawaletsa, chifukwa ndinaona kuti munthu akasekedwa nthawi yaitali amasiya kukhulupirira maso ake omwe.