Kiyi Wachinayi

Malemu amuna anga anali okonza maloko a boma kuno ku Chipata. Ofesi ikasintha bwana, kapena mesenjala akataya makiyi, ankaitana iwowo. Ankapita panjinga ndi bokosi lawo lachitsulo, n'kubwerako manja akununkha girisi.

Ntchitoyo inali ndi lamulo lake. Pachitseko chilichonse ankasula makiyi atatu, n'kuwapereka m'manja mwa bwana. Koma asanasule atatuwo ankayamba ndi wina woyeserera, wopala pang'onopang'ono ndi tupa mpaka atsegule. Wachinayi ameneyu ankayenera kuthyoledwa ndi nyundo pomwepo, bwana akuona. Kuthyola ankathyoladi, koma ankathyola wina wachabechabe wochokera m'thumba. Weniweniyo ankabwera naye kunyumba.

Ndinatulukira ndekha, ndikufuna msomali m'bokosi muja. Pansi pa nsanza panali mulu wa makiyi olowetsedwa pawaya, opanda ndi chilembo chomwe.

"Inu bambo, awa ndi a kuti?"

"Mabwana aja amataya makiyi ngati ana, amayi. Ndiye ndiziphwanya zitseko zabwinobwino mwezi ndi mwezi?"

"Nanga akakupezani nawo?"

"Andipeza ndani? Kapena mwalowa upolisi?"

"Ndikanalowa bwenzi muli m'kati kale."

Iwo anaseka, ine ayi. Ankawadziwa ndi chala chokha, osayang'ana: uyu ndi wa chipinda cha mankhwala, uyu wa mafayilo a malo, uyu wa kumene amasunga mapepala a mayeso. Sanabepo ngakhale bolopeni. Koma zimenezo ndikudziwa ine. Wina akanamva bwanji?

Anadwala sabata imodzi basi. Maliro tinakaika kwawo ku Madzimoyo, ndipo mukudziwa mwambo wake: mukaika, achibale amakhala pansi kugawa katundu wa malemu, ndipo zipangizo za mwamuna zimapita kuchimuna. Bokosilo ndinalibe nalo mawu. Choncho tisananyamuke m'tauni ndinachotsa makiyi onse, kuwakulunga m'duku, n'kumanga m'chiuno m'kati mwa chitenje. Masiku atatu a maliro ndinakhala nawo choncho. Ndikati ndigwedezeke polira, ankalira nawo, ngwe ngwe, chapansipansi. Ndinasiya kugwedezeka. Azimayi ena anayamba kunong'onezana kuti mkazi uyu ngouma mtima. Ndinawamva, n'kungowasiya.

Tsiku logawa, mng'ono wa malemu anatsegula bokosi pamaso pa onse. Anatulutsa nyundo, anatulutsa sikuludilaiva, kenako anakweza nsanza ija. Anayang'ana pansi pake nthawi yaitali.

"Alamu, m'menemu munalibe zinanso?"

"Monga chiyani, alamu?"

"Ayi, tizitsulotsulo. Achimwene ankakonda kusunga tinthu."

"Tizitsulo mwatenga tonse. Kapena mufuna ndi dzimbiri lomwe?"

Anthu anaseka. Iye anamwetulira, maso ali m'chiuno mwanga. Mpaka lero sindidziwa anamuuza ndani. Amuna anga analumbira kuti sanauze munthu. Mwina ndi mowa unalankhula. Mwina ndi ana anga omwe, pakuti mwana amaona zambiri kuposa zimene amanena.

Nditabwerera m'tauni ndinasowa kopita nawo makiyiwo. Kuboma akanandifunsa kuti malemu ankatani nawo zaka zonsezi, ndipo chilichonse chimene chinasowapo m'maofesi amenewo chikanagwera munthu woti sangathenso kudziyankhira. Kuchimbudzi ayi, zimbudzi zimagumuka ndi mvula. Kuuza abusa, abusa ali ndi akazi awo. Aneba anga achisilamu, a golosale aja, ndi anthu abwino, ankandipatsa moni m'mawa uliwonse, koma moni ndinkangoyankha moni, sitinazolowerane zoti n'kuwauza chinsinsi.

Ndinagula tupa pamsika, kwa munthu wosandidziwa. Zidzukulu zikapita kusukulu ndinkatseka chitseko, kutsegula wailesi kwambiri, n'kukhala pansi kupala mano a kiyi mmodzimmodzi mpaka asalale. Patsiku awiri, zala zikalola atatu. Fumbi lake ndinkasesera m'phulusa. Popala ndinkadzimva ngati ndikufufuta manja a mwini wake, chifukwa mano amenewo anawapala ndi iwo, ataweramitsa mutu, lilime lili panja pang'ono.

Makiyiwo anali pawaya mmodzi wokhuthala, aliyense ndi kamphete kake. Nditatsala pang'ono kumaliza ndinapeza kamphete kopanda kiyi. Sikanali kothyoka ndi ukalamba. Kanali kotanulidwa, ndipo potanulapo panali pakuwala.

Ndinakutumula duku, ndinasesa nyumba yonse, ndinafufuza m'matumba a zovala zimene ndinavala kumaliro. Palibe. Kaya malemu anachotsa okha asanadwale, kaya wina anafika pabokosi ine ndisanafikepo, kaya ndi usiku wa maliro ndili m'tulo pakati pa azimayi. Sindidziwa ngakhale chitseko chake.

Alamu aja amabwera kudzationa, amabweretsa mtedza ndi maungu. Ndimawalandira, ndimawaphikira. Akamatuluka ndimamvetsera matumba awo.

Wailesi ikanena kuti kwinakwake kwabedwa, ndimasiya chimene ndagwira. Ndimadikira anene kuti akuba anathyola chitseko. Akanena choncho, ndimapitiriza ntchito yanga.