Timabotolo ta mumtsuko wa ana

Madzi a mumtsuko anayamba kununkha pulasitiki. Ndinatsuka chikho, fungo osachoka, ndiye ndinapisa dzanja mpaka pansi n'kuvuula jumbo yomanga ndi mphira. Mkati munali timabotolo tagalasi ta mankhwala obaya, kamodzi kosweka. Mwana wanga wamkulu, wa zaka zinayi, anali atamwa kale madziwo, wakhanda nayenso phala lake ndinaphikira omwewo.

Amuna anga ankapalasa kabaza pa Boma mpaka bambo wina wa galimoto yoyera anawaona akukwera chitunda cha kunkhalango ya paini, thumba la mbatata kumbuyo. Bamboyo anali ndi timu ya mpikisano wa njinga, onse ankangoti akochi. Anawapatsa njinga yopepuka ndi kabudula wothina. Za jakisoni palibe anandiuza.

Amuna anga atafika kuchokera kopalasa ndinawaonetsa jumboyo.

"Mwatulutsiranji? Zimafuna pozizira zimenezo! Akochi anati poti tilibe fuliji, mtsuko ukwanira."

"Mtsuko womwera ana?"

"Ndi mavitamini, amake mwana. Aliyense mutimu amabaya."

"Nanga mavitamini amabisa?"

Ndinabereka wamng'ono, wamkulu kumukoka padzanja, kuthamanga mpaka kuchipatala ndi kabotolo kamodzi. Anesi atawerenga pakabotolo anandifunsa kuti kwathu akudwala impso ndani. Ndinati palibe. Anati mankhwalawo ndi owonjezera magazi, munthu wabwinobwino akhoza kufa nawo, ndipo ana ndiziwayang'anira kuopa kuti anameza magalasi. Sabata yonse ndinkafukula chimbudzi chawo ndi kamtengo, mwana akangotsokomola ine mtima phaa.

Ana anapulumuka. Koma akochi anabwera okha pakhomo ndi jumbo ina, n'kukhala pampando wanga, miyendo tambalale.

"Mayi, ndamva munachita phokoso. Mwana wafa?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye vuto lili pati? Umbani mtsuko wina, dothi silinathe ku Dedza kuno."

Anaseka mpaka kugwira pamimba, amuna anga nawo n'kusekerera. Kuseka kumeneko mpaka lero ndimakumva. Ndinagwada, ndinalandira jumboyo ndi manja awiri, ndinati ndisunga bwino. Ndinasungadi, koma m'nkhokwe ya amayi anga, pansi pa chimanga. Amuna anga atafunsa ndinati ndataya m'chimbudzi, anandikalipira.

Tsiku la mpikisano ndinavala chitenje chakutchalitchi. Pamalo othera panali tebulo la akuluakulu oyendetsa mpikisano, akochi ali pomwepo, akugwirana nawo chanza. Ndinadutsa pakati pa anthu n'kukhuthula timabotolo tonse patebulopo.

"Bwana, katundu wanu uja munandisungitsa ndi uyu. Kamodzi kanaswekera m'madzi a ana anga."

Akochi sanaseke. Anati sakundidziwa, ine ndinatchula tsiku, mpando, ndi mawu awo a dothi aja, mokweza, kuti azimayi ogulitsa chimanga chootcha amve. Ndinkafuna aone manyazi pamaso pa anthu, ndipo anawaona. Chisoni ndilibe, ngakhale amuna anga anachotsedwa nawo pampikisano poti mankhwalawo ndi oletsedwa.

Nyumba ija ili pamalo pa amayi anga, amuna anga ndi akamwini. Asanabwere n'komwe kuchokera kumpikisanoko ndinaitana amalume, tinatulutsa njinga ndi zovala zawo n'kuziika pamsewu. Ana ndinawasamutsira kwa achemwali anga kuseri kwa phiri, kumene galimoto yoyera singafike, ndipo chilichonse cholowa mkamwa mwawo ndimayamba ndalawa ine.