Kampope ka Ng'anjo ya Amalume

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu giledi sikisi ku Msanzala. Mpaka lero ndikamva dzina la aSakala, mphunzitsi wathu wa sayansi, mtima umandiwawa ngati zachitika dzulo.

Amalume anga, aDaka, anali osula makasu, munthu wosaseka ndi mwana. M'munda mwawo munali chulu chimene sankalola kuti pulawo ipitepo. Ankati pamenepo panali ng'anjo, pomwe agogo awo ankasungunula miyala yofiira n'kutulutsa chitsulo azungu asanabwere. Chotsala chinali chimodzi chokha: kampope kadothi kopserera kumapeto, kolowetsera mphepo ya mvukuto pamoto. Ankakasunga kudenga, atakakulunga m'chikopa cha mbuzi. M'mudzi monse odziwa kasungunulidwe anatsala iwo okha, ndipo mwa ana onse a alongo awo anasankha ine.

"Tikakolola nizakuonetsa mwamene anali kucitila," anandiuza tsiku lina.

Kusukulu aSakala ankatiloweza mayina a anthu amene anatulukira sitima, magetsi ndi wailesi, onse a kutsidya kwa nyanja. Wolakwitsa dzina ankalawa chikoti. Atatiuza kuti aliyense abweretse chinthu chakale, ine ndinafuna kutchuka. Ndinadikira amalume apite kudimba, n'kuba kampope kaja.

"Ici n'ciani?" anafunsa aSakala, atakagwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Ni ka pa ng'anjo, aticha. Makolo athu anali kupanga nsimbi," ndinayankha, kunena chitsulo.

"Nsimbi? Makolo ako? Aja anali kudziwa cabe kukumba mbewa!"

Anakaika pakamwa, n'kukaliza ngati lipenga, kenako anakaponya pawindo. Ndinamva phwaa! pamwala. Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ine ndinaseka nawo, mokweza kuposa onse, kuopa kutsala ndekha.

Nkhani inandipitirira kukafika kumudzi. Ndinapeza amalume ali pachipala pomwe ankasulira, ndipo ndinaika zidutswa zija pamapazi awo, ndikuyembekezera ndodo. Bola akanangondimenya.

"Zakuba sinikamba, mwana aliyense amaba," anatero osandiyang'ana. "Koma akuti unaseka."

Titakolola ndinapita kukawakumbutsa lonjezo lija. Anandituma kukadyetsa mbuzi. Chaka chotsatira chimodzimodzi. Anamwalira osatchulanso za ng'anjo, ndipo amene anatenga mundawo anagumula chulu chija n'kubzalapo thonje.

ASakala sindinawakhululukire, ndipo sindikufuna. Atamwalira ku Petauke anzanga anapita kumaliro, ine ndinakhala pakhomo n'kumachapa. Komabe ndikudziwa tsopano kuti iwo anangophwanya dothi. Chimene chinatseka pakamwa pa amalume ndi mano anga.

Lero ndimaphunzitsa sayansi ku Nyimba, ndipo mayina aja ndimawatchula osaphonya ngakhale limodzi. Chaka chatha ndinauza ana kuti makolo athu ankasungunula chitsulo. Mtsikana wina wakutsogolo anakweza dzanja.

"Anali kucita bwanji, aticha?"

Ndinatembenukira kubolodi, choko chili m'manja, n'kuyambanso kulemba mayina aja.