Novela Imene Mana Rufina Ankadikira Mathero Ake

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene a Zeka anaika televizawu m'baraka yawo, kanyumba kamalonda pamsika wa Domwe. Dzuwa likapendeka, nthawi ya novela, sewero la pa televizawu lopitirira tsiku ndi tsiku, tinkapanikizana pamabenchi ndi pamatumba a chimanga. Kunja kunkawomba mphepo yozizira, koma m'katimo munkanunkha thukuta ndi mafuta okazingira.

Chipwitikizi sindinkachimva kwenikweni, poti shikola ndinaisiyira panjira. Ndinkadalira mana Rufina (kwathu achemwali timati mana), mwana wa amayi anga aakulu, amene anaphunzirako ku Fonte Boa. Ankandinong'oneza m'khutu zonse zimene anthu a mu novela ankalankhula. Mbali inayo kunkakhala mnzawo Lusiya. Awiriwa sankasiyana, kumunda ngakhale kuchitsime, ndipo pabenchi ankafunda chitenje chimodzi.

Mu novelayo munali akazi awiri, wina wosoka zovala, wina woyendetsa njinga yamoto. Ankayang'anizana nthawi yaitali, nyimbo ikulira pansipansi. Gawo la tsikulo likatha, ankationetsa tizidutswa ta mawa: nkhope zawo zayandikana, milomo yatsala pang'ono kukhudzana, kenaka mdima. Mawa lake tinkapeza kuti wina amangochotsa mnzake kachitsotso m'diso. Mlungu wotsatira, chimodzimodzi.

A Zeka anaona kuti pamenepa pali malonda. Ankaima pakhomo n'kumakuwa kuti lero ndiye lero, akazi aja achita zawo. Anthu ankadzaza, ena kudzaseka, ena kudzatukwana, koma osachoka. Tsiku lina mnyamata wina wogulitsa matayala a njinga anatembenuka, n'kufunsa mokweza ngati mana Rufina ndi Lusiya akubwera kudzaphunzira. Baraka yonse inaseka. Lusiya anasuntha pang'ono, nasiya chitenje m'manja mwa mnzake. Mawa lake anakakhala kumbuyo ndi azakhali ake. Patapita masiku anasiyiratu kubwera, ndipo kuchitsime anayamba kupita nthawi ina.

Kuchokera pamenepo mana Rufina sankakhazikika. Tikamakumba kachewere ankangoyang'ana dzuwa. Ankatema mbatata ndi khasu, amayi aakulu n'kumakalipa. Nthawi isanakwane anali atasamba kale, akuzungulirazungulira pabwalo. Ine zinkandipatsa mantha, ndipo ndinawafunsa chifukwa chimene ankabwererabe kumalo kumene anawachititsa manyazi. 

"Ndikufuna ziwathere bwino awiri aja, anthu onsewa akuona," anatero. "Kamodzi kokha. Mwina Lusiya angadzakhalenso pabenchi."

Sindinamvetse zonse, koma ndinamva kuti si nkhani ya televizawu yokha. Nanenso ndinayamba kudikira.

Mu novela yomweyo munali dokotala wina amene sankatha gawo osavula malaya. Pena akusamba mumtsinje, pena mvula yamunyowetsa. Amayi ogulitsa tomato ankalulutira, ena n'kumafunsa kuti nanga odwala amawaona nthawi yanji. Ndinafunsa mana ngati amenewo sakutinamizanso. Anaseka, koyamba patapita nthawi yaitali, n'kunena kuti chimenecho ndi basela chabe, kaphwetekere kamene wogulitsa amakuponyera pamwamba kuti ukondwe. Wafuna chifuwa, wapatsidwa chifuwa, palibe waberedwa. Anandikumbutsanso za nkhalamba ziwiri za mu novelamo, mayi wophika buledi ndi bambo wosesa m'tchalitchi. Sanagwiranepo dzanja, ndipo a Zeka sanawakuwirepo pakhomo. Koma m'mawa uliwonse mayiyo ankapatula buledi mmodzi n'kumukulunga m'kansalu. Mana anati amenewo amakondana, aliyense wamaso akuona, ndipo nkhani sinalonjeze china choposa chimene ili nacho.

Ndinafunsa za akazi awiri aja. Anati tidzaona pomaliza.

Tsiku la gawo lomaliza anthu anaima mpaka m'mawindo. Ndinamuona Lusiya panja, mtsuko uli pamutu, akuchedwa dala pafupi ndi khomo. Mana anamuonanso, koma sanatembenuke kachiwiri. Dzanja lawo linali pabondo langa, lozizira.

Wosoka uja anakwatiwa ndi mwamuna amene anangotulukira mu novela mlungu womwewo. Wa njinga yamoto anam'gwirira maluwa pa ukwati, nam'tchula kuti mchemwali wanga, kenaka anakwera ndege kupita kutali. Baraka inaphulika ndi phwete. A Zeka anafunsa anthu kuti kodi mumayesa chiyani, ndi akhristu amenewa. Mana Rufina anandimasulira mawu onse mpaka omaliza, osadumpha ngakhale amodzi. Nditayang'ana pakhomo, Lusiya panalibe.

Pobwerera mana ankayenda mofulumira moti ndinkachita kuthamanga. Kuti ndiwatonthoze ndinati mwina ife ndife tinaona molakwa, mwina anali paubwenzi wamba. Anaima m'njira, pakati pa minda.

"Sitinaone molakwa, iwe. Anationetsa dala. Ukudziwa ndowa zija amagulitsa ku Kalomwe, kachewere wamkulu pamwamba, pansi timiyala? Woika amadziwa chimene waika. Ankafuna ife tibwere, oseka abwerenso, ndipo pomaliza asakhumudwitse oseka."

Ndinafunsa kuti nanga tsopano atani. Anati mawa tikumba mizere yotsala ija. Sanalire, ndipo ku baraka sanapondekonso. Lusiya anakwatiwa kutsidya, cha ku Dedza. Mana anapita ku Tete kukagwira ntchito, ndipo kumudzi amabwera pamaliro pokha. Akabwera amandinyamulira mwana, timacheza za mvula ndi feteleza, koma za masiku amenewo sitinazikambeponso.

Lero ndine mayi, ndipo si ine munthu wa mawu ambiri. Nkhani za akazi okondana okhaokha sindingaziweruze. Kutchalitchi ndimamva zina, mumtima ndimakumbukira mana wanga. Chimene ndikudziwa n'chakuti nkhani ikhoza kubisa chikondi, sikulakwa, poti nafenso zambiri timazinena ndi maso okha. Ikhozanso kutisangalatsa ndi zachabe, tiseke, tiiwale. Koma kutenga moyo wa munthu, kuulendewetsa patsogolo pake kuti azibwerabe, ukudziwa kuti sudzam'patsa, imeneyo ndi nkhanza. Opanga novela ija ali kutali, sadzadziwa kuti ku Domwe kunali atsikana awiri. Iwo anangofuna kuti tisachoke pabenchi, ndipo sitinachokedi. Amene analipira ndi mana Rufina.